Kumene Wachibwibwi Amadikiridwa

Tikukumbuka kuti Mose atatumidwa kwa Farao anadandaula za kulemera kwa lilime lake, ndipo Mulungu anampatsa Aroni kuti azimlankhulira. M'mabanja ambiri makolo amasanduka Aroni wopyola muyeso: mwana wachibwibwi akangokodwa pa liu, amammalizira; mlendo akafunsa dzina, amayankha ndiwo. Potsiriza mwanayo amaphunzira kukhala chete.

Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse ali ndi chibwibwi. Kaŵirikaŵiri chimayamba pakati pa zaka 2 ndi 5, chimatsatanso ku mtundu. Sichichokera ku ufiti kapena kupereŵera nzeru. Komabe ambiri amakula akudziyesa okha padziko.

Nchifukwa chake achibwibwi eniake anayamba kusonkhana. Msonkhano wawo woyamba wa maiko onse unachitikira ku Kyoto, ku Japan, mu 1986. Wa 1998 unali ku Johannesburg, ndipo mu 2005 a muno mu Africa anachita wawo ku Douala, ku Cameroon.

Kodi amakapezako chiyani? Mankhwala ochichotseratu kulibe, ndipo wokulonjezani zotero mumchenjere. Amakapezako anthu odziŵa kudikira. Munthu amaimirira pamaso pa khamu kuti atchule dzina lake. Tisaiŵale kuti kwa ambiri dzina ndilo liu lovuta koposa, pakuti mau ena ukhoza kuwazemba nusankha ofanana nawo, koma dzina lako lilibe loloŵa m'malo. Milomo inganjenjemere mphindi yathunthu, woseka palibe, woyang'ana kumbali palibe, wommalizira palibe, popeza onse okhala pamenepo msamphawo amaudziŵa. Mnyamata woopa kufunsira mbeta amaona bambo wachibwibwi ali ndi mkazi ndi ana. Mtsikana amene sakweza mkono m'kalasi amamva mphunzitsi wolankhula monga iye. Makolonso amakhala pansi ndi akatswiri a kalankhulidwe, namva kuti kuuza mwana kuti apume kaye kapena abwereze bwino kumangomuwonjezera katundu.

Tikudziŵa, ulendo wotere ndi wodula, ngakhale masiku ano misonkhano ina imachitikira pa intaneti. Koma inu akatekisti, ngati m'miphakati mwanu muli achibwibwi aŵiri kapena atatu, adziŵanitseni. Pa 22 Okutobala, tsiku limene chiyambire 1998 dziko lonse limaganizira za chibwibwi, apatseni chipinda chimodzi cha pa tchalitchi, mutseke chitseko, muwasiye alankhulane mpaka atamaliza okha.