Madzi a Paulendo: Tinyamulire Muchiyani?

Nkhani yanga lero ndi ya zonyamulira madzi tikamakwera mapiri, kaya ndi konkuno ku Kaning'ina, ku Nyika kapena ku Livingstonia.

Tiyambe ndi masamu. Kuchoka pa Chitimba kukwera msewu wa Gorodi kukafika ku Livingstonia ndi makilomita pafupifupi 15, ndipo wapansi amayenda maola ngati anayi. Pa chitunda chotere munthu amafunika pafupifupi theka la lita pa ola, ndiye kuti malita awiri, ndipo mu Okutobala onjezerani chifukwa kunyanja kumatentha, si ngati kuno ku Mzuzu. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Katundu ameneyu akatayikira m'chikwama, mwanyowetsa zovala, foni, komanso mwatsala ndi ludzu pakati pa phiri.

Ambirife timadalira botolo la Sobo la malita awiri. Si loipa ayi: ndi lopepuka, silivuta kupeza. Koma mabotolo olembedwa nambala 1 kunsi kwake sanapangidwire kugwiritsidwa ntchito nthawi yaitali. Akaphwanyika m'mbali kapena chitsekero chikayamba kuzungulira osagwira, asiyeni. Olembedwa 2 kapena 5 ndi olimbirapo. Botolo lachitsulo limalemera, koma likagwa pamwala limangopindika. Fulasiki ya galasi m'kati isiyeni kunyumba, ndi ya tiyi imeneyo.

Tsono pali thumba la madzi lokhala ndi paipi, lija ena amangoti CamelBak. Ubwino wake, umamwa ukuyenda osatsitsa chikwama. Kuipa kwake, sudziwa kuti mwatsala madzi ochuluka bwanji, ndipo limadontha m'malo anayi: mumsoko, pachitsekero, polumikizira paipi ndi pokamwira. Mukalipeza pa kaunjika, linunkhizeni, muyang'ane m'paipi. Mukaona timadontho takuda, ndi nkhungu zimenezo, musagule. Sankhani lakukamwa kwakukulu loti dzanja lilowe potsuka. Musathiremo Sobo kapena thobwa, madzi okha basi. Mukabwerako tsukani, muliyanike lotsegula mpaka liume.

Chilichonse chomwe mwasankha, chiyeseni kunyumba. Dzazani madzi, tsekani, tembenuzani, finyani mwamphamvu, kenako chigoneke pa nyuzipepala usiku wonse. Pepala likanyowa m'mawa, mwapulumuka. Ndipo musadalire chimodzi: gawani madzi m'zonyamulira ziwiri, china chikabooka china chikutumikireni.

Pa zigubu za gulu, chonde anzanga, chigubu chomwe munali petulo, palafini kapena mankhwala a m'munda sichiyeretseka ngakhale mutsuke kakhumi. Komanso zigubu ziwiri za malita asanu zimanyamulika bwino kusiyana ndi chimodzi cha malita 20.

Chomaliza, botolo lolimba siliyeretsa madzi. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay, pafupi pompa, inakhudzidwa kwambiri. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera ngati a pa Manchewe, aphitseni kapena thiranimo WaterGuard motsata malangizo a pabotolo, mudikire mphindi 30 musanamwe. M'chikwama mukhalenso paketi ya Thanzi ORS.

Pempho langa ndi ili: pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi chonyamulira madzi chake, tidzaziyese limodzi tisanakambe za tsiku lonyamuka.