Zala Sizinaiwale Gitala

Pa 8 Ogasiti 2017, mumzinda wa Nashville ku America, munamwalira a Glen Campbell, amene anatchuka ndi nyimbo ya "Rhinestone Cowboy". Anali ndi zaka 81. Mu 2011 analengeza poyera kuti akudwala Alzheimer, nthenda imene imafafaniza chikumbukiro pang'onopang'ono. Anayamba ulendo wotsazikana ndi anthu, akuyimba pamodzi ndi ana awo atatu, kufikira 2012. Mawu a nyimbo ankawathawa, koma zala sizinaiwale gitala. Kuyambira 2014 anasamalidwa m'nyumba ya odwala matenda oiwala.

Kuno kwathu nkhalamba yotere ena amaitcha mfiti. Umenewu si ufiti ayi, ndi matenda a ubongo. Agogo oterowo amafunika chakudya, ulemu ndi nyimbo zimene ankazikonda.