Nanga amene munamulemba mu wilo akatsogola kumanda?

 Ine ndine mlimi, sukulu ndinalekezera ku pulaimale, ndiye musayembekezere mawu a maloya. Nkhani yanga ndi ya kalata yogawira chuma chamasiye, imene abale athu kutsidya kwa Zóbuè amati wilo, ife kuno timati testamento. Pa wailesi amatilimbikitsa kuti tizilemba, ndipo nzoona. Koma nanga munthu amene munamulemba uja akamwalira inu mudakali moyo?

Ife a ku Chipanga tinadziwa mphamvu ya pepala nthawi ya msamuko wa 2009 ndi 2010, pamene tinachoka kusiyira malo mgodi wa malasha, ena kupita ku Cateme, ena ku 25 de Setembro. Nyumba zinalembedwa m'maina a anthu, ndipo akuluakulu ena anayamba kuganiza zolembetsanso chuma chawo.

Mmodzi wa iwo anali agogo ena oyandikana nawo nyumba, dzina sinditchula. Anapita kwa notário, nyumba nkusiyira akazi awo ndi ana, koma ng'ombe ziwiri, pulawo ndi ngolo analembera mphwawo, mwana wa mlongo wawo, monga mwa mwambo wathu. Cholinga chawo tonse tinkachidziwa: mnyamatayo azilimira mayi ake, amene anali okalamba kale. Koma cholingacho chinali cha pakamwa, papepala panali dzina lokha basi. Mnyamata uja anadwala nkumwalira. Anthu anawauza agogo kuti pitani mukasinthe kalata ija, iwo nkumati kubwererako kawiri nkudziitanira imfa. Patapita zaka ziwiri nawonso anatisiya.

Ndiye mvetserani bwino apa. Pa malamulo athu, wolembedwa mu wilo akafa msanga, kawirikawiri ana ake ndiwo amalowa m'malo mwake. Ngati sanasiye ana, mphatsoyo imagwa, chumacho nkupita kwa olowa ena. Mnyamata uja anasiya ana awiri amene amakhala ku Beira ndi mayi awo. Anabwera, anatenga ng'ombe nkugulitsa, ndipo palibe amene akanawatcha akuba. Lero mlongo wa agogo aja akupalasa ndi khasu la m'manja munda umene unkalimidwa ndi ng'ombe za mchimwene wawo. Ine ana aja sindiwada. Chimene chimandiwawa nchakuti ulendo umodzi wa pa chapa ukanakonza zonsezi.

Kusintha sikuvuta monga mmene timaopera. Malinga mutu ukugwira, muli ndi ufulu wothetsa wilo yakale nkulemba ina tsiku lililonse. Koma musafufute dzina ndi bolopeni pa pepala limene muli nalo kunyumba, chifukwa mawu enieni ali m'buku la notário. Pitani konko ndi BI yanu ndi mboni ziwiri, osati zimene zikulandira nawo chumacho. Munene poyera kuti yakale ija mwaithetsa. Ndipo ulendo uno mulembetse kuti uje akadzatsogola, gawo lake lidzapite kwa uje. Ngati pali ntchito imene mukufuna kuti chumacho chigwire, monga kusamala nkhalamba kapena sukulu ya mwana, ilowe papepala. Osadziwa kuwerenga asachite manyazi, notário amawerenga mokweza onse akumva.

Chinanso, amene analemba kale 2019 isanafike akayang'anitsenso kalata zawo. Chaka chimenecho kunatuluka lamulo latsopano, Lei 23/2019, limene linaika mkazi kapena mwamuna wamasiye patsogolo pamodzi ndi ana. Iwowa ali ndi gawo lawo limene simungawalande ngakhale mutalemba bwanji. Za munda, nthaka ndi ya boma, koma lamulo la malo la 1997 limalola kuti ufulu wolimapo, DUAT ija, usiyidwe kwa mwana wamkazi kapena wamwamuna mosasiyanitsa.

Amene ndalama zikuvuta ayambire ku IPAJ, kumene amathandiza osauka pa nkhani za malamulo mwaulere. A pampando, ndikupempha kuti pulogalamu ikubwerayi tiitane munthu wa kumeneko adzayankhe mafunso a amayi, chifukwa ndaona ambiri akugwedeza mitu kumbuyoko.