Nkhokwe ya Boma ndi Mvula Yoyamba

Mawu amene Mlangizi wa Zaulimi wa ku Michesi, m'boma la Phalombe, analankhula pa wailesi.

Masiku ena ndimakuuzani za mizere, za anankafumbwe ndi za kabzalidwe ka nandolo. Lero ndilankhula za Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe. Wina anena kuti, "Kodi alangizi alowa ndale?" Iyayi, ntchito yanga siilola zimenezo. Koma thumba la feteleza wotsika mtengo limayambira m'nyumba imeneyo, kotero nkoyenera kuti mudziwe njira imene limayenda.

Boma lili ndi nkhokwe yake. M'menemo mumalowa misonkho yathu, ngongole, ndi chithandizo cha maiko akunja. Chaka ndi chaka Nduna ya Zachuma imawerengera ndalama zimene zidzalowe ndi zimene zidzatuluke. Ndiyo bajeti mumaimva ija. Koma nduna siingatape m'nkhokwe aphungu asanavomere, ndipo aphunguwo ndi a zipani zosiyana.

Akuluakulu mukumbukira chaka cha 2005. Mvula inadula msanga ndipo njala inakula m'midzi. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anali atachoka ku UDF nayambitsa DPP, tsono m'Nyumbamo aphungu otsutsa ndiwo anachuluka. Boma linafuna kutsitsa mtengo wa feteleza. A John Tembo a MCP anati avomera bajeti pokhapokha chithandizocho chikule, chifikenso kwa alimi a fodya. Anakangana ndithu, koma potsiriza anamvana. Makuponi anatuluka, thumba la makilogalamu 50 linagulidwa pa K950, ndipo mu 2006 nkhokwe zambiri zinadzaza. Nduna ya Zachuma, a Goodall Gondwe, anagwira chikwama molimba, ndipo chaka chomwecho dziko lathu linakhululukidwa ngongole zambiri zakunja.

Tsono taonani za 2007. Mkangano unali wa Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lonena za phungu wochoka m'chipani chimene chinamuimika nalowa china. Otsutsa anati, "Otere ayambe achotsedwa, bajeti pambuyo." Boma linati, "Bajeti poyamba." Masiku amenewo chaka cha boma chinkayamba pa 1 Julayi, koma bajeti inavomerezedwa mu Seputembala. Mu 2008 zinateronso mpaka Ogasiti, atsogoleri a mipingo atayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Ine ndinali mwana wa sukulu. Ndikumbukira bambo anga atakhala pakhonde madzulo, khutu lili pa wailesi, nafunsa yense wodutsa, "Kodi avomera?"

Sindiweruza amene analakwa. Mlandu umenewo uli ndi eni ake. Chimene ndidziwa ine ndi chakuti mvula siidikira phungu. Feteleza amachokera kutsidya la nyanja, natsika pa doko la Beira kapena Nacala, kenaka magalimoto amufikitse kuno. Zonsezi zifuna ndalama ndi masiku. Kwathu kuno mvula yobzalira imabwera cha mu Novembala. Feteleza wokulitsa afunika pobzala kapena chimanga chitangomera, ndipo wobereketsa patapita masabata atatu. Thumba lofika mu Januwale limapeza chimanga chitachita kale chikasu, ndipo zimene zatayika sizibwerera.

Pali chinanso. Nkhokwe yodalira mnansi imavuta tsiku limene mnansiyo wakwiya. Mu Epulo 2011 boma linathamangitsa kazembe wa Britain, ndipo mu Julayi dzikolo linaimitsa ndalama zothandiza bajeti yathu. Mafuta a galimoto anasowa, ndalama zakunja zinasowa, mitengo ya zinthu inakwera. Mu 2013 kunamveka kuti mabiliyoni a makwacha abedwa ku likulu la boma, mlandu uja wa Cashgate, ndipo maiko otithandiza anatsekanso dzanja. Pa nthawiyo pafupifupi K40 pa K100 iliyonse ya bajeti inkachokera kwa iwo. World Bank inadzayambanso kuthandiza bajeti mu 2017. Amene anaba anali ku Lilongwe, koma amene anakapeza chipatala chopanda mankhwala ndi mayi wa kumudzi kwanu.

Nchifukwa chake m'Nyumba ya Malamulo muli komiti yolondoloza ndalama za boma. M'komitimo mumakhala aphungu a zipani zosiyana, ndipo wapampando amachokera ku mbali yotsutsa. Iwo amaitana akulu a maunduna nawafunsa kumene ndalama zinapita. Kuona kwanga, apa ndi pamene mtundu wa nsalu ya chipani uyenera kuiwalika, pakuti wakuba m'nkhokwe safunsa kuti chimangacho analima ndani. Milatho ndi misewu imene namondwe wa Freddy anaononga kuno mu Malichi 2023 idikira ndalama za m'nkhokwe yomweyo.

Tsono inu mafumu, kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo aphungu amakambirana bajeti chimanga chikali m'munda. Phungu wanu akadza pa msonkhano, kaya ngwa boma kaya ngwotsutsa, mlandireni mwaulemu, koma musamlole apite ndi kuomba m'manja kokha. Mfunseni ndalama zimene zaikidwa pa ulimi, ndi mwezi umene feteleza adzafike pa msika wanu. Mfunseninso ngati ndalama za chaka chatha zinagwira ntchito imene analonjeza. Mlembi wanu alembe mayankho m'buku, kuti akadzabweranso mudzamuwerengere.

Ndipo inu alimi, akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukakolola musatenthe mapesi. Aunjikeni pamodzi ndi masangwi, ndowe ndi phulusa, muyambe kupanga manyowa mwezi wa Juni usanathe. A m'mapiri mukonze akalozera ndi kubzala udzu wa vetiva, kuti madzi asakokolole nthaka pamodzi ndi manyowawo. Mudzi umene ufuna kuti ndidzaonetse kapangidwe ka manyowa, a mfumu atumize mthenga ku ofesi ya zaulimi, tidzapangane tsiku. Tsalani bwino.