M'mene Mississippi Anathandizidwira pa Kuwerenga kwa Ana



Lero tikambe za ku Amereka. Kumeneko cigawo ciri conse ciri ndi ofesi yace ya maphunziro. Boma lalikuru la ku Washington siliyendetsa sukulu ai. Koma kucokera pa lamulo la 1965 Bomalo linaika magulu a akatswiri m'madera, kuti azithandiza maofesi amenewa.

Taonani Mississippi, cigawo cosauka. Mu 2013 ana ace a kalasi yacinai anali pa nambala 49 pa mayeso a kuwerenga a dziko lonse. Caka comweco anapanga lamulo lakuti aphunzitsi a makalasi oyamba aphunzitsidwenso, ndipo alangizi anatumidwa ku sukulu zofooka kukakhala m'kalasi pamodzi ndi mphunzitsi. Akatswiri a dera limenelo, a ku Florida State University, sanabwere ndi njerwa kapena malata. Anadzayesa ngati aphunzitsi aja analikudziwadi zambiri koposa kale, nauza ofesi zimene anapeza. Ife aphunzitsi tidziwa kusiyana kwa mlendo wotere ndi inisipekita wongolemba zolakwa zathu nacoka dzuwa lisanalowe! Pofika 2024 Mississippi anali pa nambala 9.

Tisanamizane: amene anagwira nchito yaikuru ndi eni ace, ndipo sinali yotsekemera, pakuti ana olephera kuwerenga anabwereza kalasi yacitatu. Koma thandizo lija linali lenileni. Mu February 2025 Boma la ku Washington linathetsa mapangano a magulu onse 10, ndipo nkhaniyo inakafika ku bwalo la milandu.