CHIWANDA CHOTULUKA MU TV

Tsegulani 2 Timoteo 1:7, muikepo chala, tibwererako.

Mwezi wathawu, cha m'ma 11 koloko usiku, foni yanga inalira. Anali mayi wina wa mumpingo mwathu, wa ku Area 47. "Abusa, bwerani msanga, mwana wathu amulodza." Ndinapita. Nyumba ya mpanda wautali, waya wamagetsi pamwamba, mlonda pageti. Mkatimo ndinapeza mnyamata wa zaka 11 akunjenjemera. Masiku anayi osagona, akungokuwa kuti TV ya pabalaza ichotsedwe, mukutuluka chinthu. Mlandu anali atagamula kale: mfiti ndi mtsikana wantchito, mwana wamasiye wochokera ku Dedza. Zovala zake anali atazimanga m'chitenje kuti kukacha akamutaye ku depoti.

Ndinapemphera, inde. Nditati amen, ndinakhala pansi ndi mwana uja. "Iwe, waona chiyani kwenikweni?" Anazengereza, kenako anatulutsa flash m'chikwama cha kusukulu. Mkulu wake anakabenetsa mafilimu ku Old Town, iye n'kumaonera yekha makolo ali kuntchito.

Abale anga, nditaona dzina la filimuyo ndinagwira pakamwa. Demons 2, ya ku Italy, ya 1986, anaikonza Lamberto Bava. Mtsikana akuonera TV pa tsiku lake lobadwa, chiwanda n'kutulukira m'galasi la TV momwemo, n'kumugwira, mpaka anthu a m'nyumba yosanja ija n'kusanduka ziwanda. Ndinaidziwa bwanji? Musandiyang'ane choncho, inenso sindinabadwire paguwa! Ndisanatembenuke mtima ndinkadzazana ndi anzanga m'tinyumba ta vidiyo, pabenchi, chinsalu chakuda pakhomo. Yoyamba yake, Demons ya 1985, ndinaonera kumeneko: anthu alandira matikiti aulere, alowa m'holo ya kanema ku Berlin, zitseko n'kutsekeka. Sabata yathunthu ndinkaopa kupita kuchimbudzi usiku. Palinso Suspiria ya Dario Argento, ya 1977, ya sukulu yovina yoyendetsedwa ndi afiti. Kale zinali pa tepi, lero zikukwana m'thumba la mwana wa sitandade 6.

Mundimvetse. Sindikuti ziwanda kulibe. Ziliko, ndipo m'dzina la Yesu zimathawa. Koma magazi a m'filimu muja ndi utoto, nkhope zija ndi mphira. Anthu aja anasewera, analandira ndalama zawo, n'kupita kwawo kukadya. Ndiye Satana analowera pati m'nyumba ya ku Area 47? Sanafunike kuboola galasi la TV. Analowera pa mantha. Mantha anagwira mwana, kuchoka apo anagwira mayi, kenako bambo, ndipo mantha akakula amafuna munthu womuloza chala. Saloza bwana ayi. Amaloza wopanda womuyankhulira.

Tsopano bwererani pamene munaika chala paja. Paulo akukumbutsa Timoteo kuti Mzimu amene tinalandira si wamantha, ndipo pa zinthu zitatu zimene akutchulapo, chomaliza ndi kudziletsa. Munthu wodziletsa amayamba wafunsa. Ife a Pentekosite pamoto timakhoza, aleluya, koma pofunsa timalephera. Banja lija linasala kudya masiku awiri, koma palibe anatsegula chikwama cha mwana. Ndinawauzanso kuti lamulo la 1911 lokhudza za ufiti likadalipo m'dziko muno: kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Nanga lamulo la Mulungu loletsa umboni wonama, tilithawira kuti?

Mayi uja anamasula chitenje chija ndi manja ake, napepesa akulira. Mwana tinamufotokozera, tinapemphera naye, pano akugona bwinobwino. Koma mtsikana uja sanakhalitse. Mwezi utatha anapempha yekha kubwerera kwawo. Ndinamufunsa chifukwa. Anati, "Abusa, mbale imene ndagwira ine amakaitsukanso."

Weramitsani mitu yanu. Tiyambe kupempherera iyeyo.