NYENGO YOZIZIRA YAYANDIKIRA: TIDULE ZITI, TISIYE ZITI?

 Lero tikamba za ntchito imene alimi a kumapiri, monga a m'boma la Dedza, ayenera kuiganizira mvula ikangotha, mphepo ya mu Juni ndi Julayi isanafike.

Ku maiko a ku Ulaya, kumene nthaka imauma gwa chifukwa cha kuzizira, anthu amadulira maluŵa awo nyengo yozizira isanayambe. Komabe udzu wokongoletsa pakhomo ambiri amausiya kufikira kutayamba kufunda, popeza masamba ouma amafunditsa tsinde. Kwathu kuno sikuzizira motero, koma tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo zaka zina chisanu chimapsereza mbeu m'madimba a m'deralo. Tsono phunziro nlomwelo: si chomera chilichonse chimene chimadulidwa nthaŵi imodzi.

Poyamba, vetiva amene tinabzala pa akalozera. Ameneyu timwete mu Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, tisiye masentimita 30 mpaka 50 kuchokera pansi. Tikamleka wamtali ndi wouma, moto wa osaka mbeŵa umayenda naye nkuloŵa m'munda monse. Udzu womwetawo tifolere nyumba kapena tiphimbire nthaka. Mizu yake imazama kwambiri, choncho adzaphukanso ndi kugwira dothi mvula yoyamba ikadzagwa.

Chachiŵiri, nsenjere zodyetsa ng'ombe ndi mbuzi. Podula komaliza tisiye chitsa cha masentimita 10 mpaka 15, chifukwa nthaŵi yozizira nsenjere zimakula pang'onopang'ono ndipo mphukira zimadalira chakudya cha m'chitsamo. Tisalole ziŵeto kudya zitsazo.

Chachitatu, mapichesi, zipatso zimene Dedza amatchuka nazo. Ameneŵa tisawathamangire. Tidikire masamba ayoyoke, tidulire mu Juni kapena Julayi, maluŵa asanatuluke. Tichotse nthambi zouma, zodwala ndi zopingasana, tisiye nthambi zikuluzikulu zitatu kapena zinayi, pakati pakhale potseguka ngati mbale kuti dzuŵa liloŵe. Tikumbukire kuti pichesi amabereka pa nthambi zimene zinamera chaka chatha. Wozidula zonse wadula ndalama zake.

Pomaliza, nthochi zimene chisanu chazipsereza. Masamba ofiirawo amanyansa, koma ndiwo chofunda cha mtima wa nthochi ndi ana ake. Tiwasiye kufikira mu Ogasiti kutafunda. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Inu bambo ndi inu mayi, nolani chikwanje ndi chisikilo, pakuti chida chobuntha chimaphwanya tsinde ndi kutsegulira matenda njira. Pamene mwakayika, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata yamaŵa nthaŵi ngati yomwe ino.